Sitima Yankhondo Igonekedwa ndi Kachitsulo Kamodzi

Munthu woimirira pa msika wa Kasinje, m'chigwa cha Bwanje m'boma la Ntcheu, saona nyanja. Aona minda ya thonje ndi chimanga, aona mapiri kumadzulo, aona mseu wa tala wochokera ku Balaka kunka ku Salima, ndipo chapafupi aona njanji. Chotero ena mwa awerengi athu adzadabwa kuti nkhani ya zida za sitima zankhondo taiyambira pa malo ouma otere. Chifukwa chake chiri pa njanjiyo. Njanji imeneyi inafika ku Salima m'chaka cha 1935, chaka chomwecho chimene ulalo waukulu wa pa Zambezi unatsegulidwa, ndipo kuyambira pamenepo katundu wolemera wopita kunyanja anayamba kudzera m'chigwachi. Sitima ya Ilala, imene mwana aliyense wa sukulu aidziwa, inakonzedwa ku Scotland ndi kampani ya Yarrow m'chaka cha 1949, niphwasulidwa, nilongedzedwa m'mabokosi mazanamazana. Mabokosiwo anatsikira ku Beira, nakwera njanji kufikira ku Chipoka, ndipo m'chaka cha 1951 sitimayo inayandama pa madzi athu. Tinganene tsono kuti Ilala inapita pa Kasinje iri zidutswazidutswa, isanalawe madzi.

Mfundo imene tifuna kuti antchito a Boma ndi aphunzitsi aisunge ndi iyi: sitima zazikulu za pa nyanja yathu zinabwera monga milu ya ziwalo zosulidwa kutali, ndipo sitima iriyonse ikhala ndi moyo pokhapokha ziwalo zatsopano zikamafika kudzalowa m'malo mwa zotha. Ziwalo zimenezi amakaniko azitcha masipeyala. Pa sitima zankhondo za makono, masipeyala osautsa koposa onse ndi a zida zomenyera nkhondo ya mafunde a wailesi. Zida zimenezi ziri kutali ndi ife, koma matenda amene azigoneka ndi omwewo amene agoneka chigayo, mjigo ndi ambulansi kwathu kuno. Tiyeni tiione nkhaniyi mofatsa.

MANAMBALA ATAKWIRIRIKA

Tiyambe ndi mbiri yathu yomwe. M'chaka cha 1899 amisiri a ku Glasgow anakonzera amishoni a ku Likoma sitima yotchedwa Chauncy Maples. Inatumizidwa kuno m'zidutswa 3,481, pamodzi ndi mphika wake wa nthunzi wolemera matani 11. Masiku amenewo njanji kunalibe, ndipo pa mathithi a Shire ngalawa siikanapita, chotero zidutswa zazing'ono zinasenzedwa pamutu, pamene mphikawo unakokedwa pa ngolo ndi amuna 450 a mtundu wa Angoni. Chidutswa chirichonse chinali chitadindidwa nambala kuti olumikiza asavutike. Koma atatha kudinda, opangawo anaviika zitsulozo m'mankhwala oletsa dzimbiri, onga aja a pa malata, ndipo manambala anakwiririka. Amisiri a kuno anatsala ndi mulu wa zitsulo zopanda maina, nayamba kuyesa chimodzichimodzi kuti aone pamene chikhala. Sitimayo inayandama m'chaka cha 1901, patapita zaka ziwiri.

Zitsulo zinalipo, amisiri analipo, chinasowa ndi nambala yokha. Kalaliki wa ku sitolo ya Boma amene ayesa kuti kulemba manambala a katundu m'kaundula ndi ntchito yonyozeka aganizire zaka ziwiri zimenezo. Maiko a m'bungwe la NATO apatsa chinthu chirichonse cha asilikali, ngakhale kabauti, chizindikiro chakechake cha manambala 13, kuti woitanitsa ali pakati pa nyanja ndi wotumiza ali kumtunda anene chinthu chimodzi. Kuphonya nambala imodzi ndiko kulandira chiwalo chosakwana pa malo ake, miyezi itapita kale.

ZA KU LIULI M'CHAKA CHA 1914

Nkhondo yaikulu ya ku Ulaya itabuka mu Ogasiti 1914, Majeremani anali ndi sitima yamfuti pa nyanja yathu, dzina lake Hermann von Wissmann, ndipo Angelezi anali ndi yao yotchedwa Guendolen. Uthenga wa nkhondo unafika ku Zomba pa lamya, ndipo Kaputeni Rhoades analamulidwa kukaisaka sitima ya Majeremani. Anaipeza pa doko la Sphinxhaven, limene lero litchedwa Liuli ku Tanzania, itakokeredwa pamtunda kuti ikonzedwe. Ataiombera, Kaputeni Berndt wa sitimayo, amene anali bwenzi lake, anapalasa kabwato kudzafunsa ngati mnzakeyo waledzera, pakuti iye anali asanamve kuti kunja kuli nkhondo. Angelezi anamgwira, nachotsa mfuti ya pa sitimayo ndi ziwalo zina za injini, napita nazo. Mu Meyi 1915 anabweranso kudzaiononga, poopa kuti ingakonzedwe.

Chotsatira chake chinali chachikulu. Nyanja yonse inatsala m'manja mwa Angelezi, ndipo asilikali a King's African Rifles anatengedwa pa madzi kupita kumpoto, kumene anamenya nkhondo ya ku Karonga mu Sepitembala 1914. Mfuti ya Guendolen iripobe ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi, ndipo aphunzitsi opita kumeneko ndi ana achita bwino kuisonyeza.

Pa nkhaniyi tiphunzirapo ziwiri. Womva msanga ndiye apambana, pakuti Rhoades anali ndi uthenga umene Berndt analibe. Ndiponso sitima ingathe kuphedwa osaimiza: ingochotsani ziwalo zimene mwini wake sangazipeze pafupi. Zinthu ziwirizi, kumva msanga ndi kupeza ziwalo, zakumana pamodzi m'zida zimene tifotokoze tsopano.

NKHONDO YA MAFUNDE A WAILESI

Sitima yankhondo ya makono iona ndi chida chotchedwa radar. Chidachi chiponya mafunde a wailesi, ndipo mafundewo akagunda chinthu abwerera, monga mau abwerera munthu akafuula pafupi ndi phiri. Mzinga wouluka wosaka sitima ulinso ndi radar yake yaing'ono pamphuno, imene iulondolera kufikira utagunda. Nkhondo ya mafunde ndiyo kulimbana kwa maso amenewa, ndipo zida zake zigwira ntchito zitatu.

Ntchito yoyamba ndi kumvetsera. Pamwamba pa mlongoti pali makutu amene atola mafunde a radar za ena, ndipo kompyuta iwayerekeza ndi kaundula wa mafunde odziwika kale, niuza woyang'anira kuti ili ndi liu la sitima ya malonda, ili ndi la ndege ya adani, ili ndi la mzinga. Ntchito yachiwiri ndi kusokoneza, ndiko kuponya mafunde amphamvu amene agonthetsa radar ya mdani, monga ng'oma igonthetsa anthu onong'onezana. Ntchito yachitatu ndi kunamiza. Sitima iponya m'mwamba mtambo wa tizingwe tonyezimira ta aluminiyamu, kapena kachida kolankhula monga sitima, kuti mzinga utsate chithunzithunzi nugwere m'madzi.

Dziko linazindikira kufunika kwa zimenezi pa 21 Okutobala 1967, pamene maboti aang'ono a Egypt anamiza sitima yaikulu ya Israel yotchedwa Eilat ndi mizinga ya Styx yopangidwa ku Soviet Union, niafa anthu 47. Patapita zaka 6, mu Okutobala 1973, maboti a Israel anakumana ndi a Syria pafupi ndi doko la Latakia. Mizinga ya Syria inali yofika patali pafupifupi kawiri kuposa ya Israel, koma yonse inasokeretsedwa ndi tizingwe tija ndi zida zosokoneza, ndipo Syria inataya zombo zisanu pamene Israel sinataye nchimodzi chomwe. Mbali ina ya phunziroli inaoneka pa 4 Meyi 1982, pa nkhondo ya zilumba za Falklands. Sitima ya Britain yotchedwa Sheffield inali kutumiza uthenga kudzera pa setilaiti, ndipo mafunde a uthengawo anatseka makutu a sitima yomweyo. Mzinga wa Exocet unaigunda, anthu 20 anafa, sitimayo nimira patapita masiku ochepa. Mzinga wotere uyenda kilomita imodzi m'masekondi osakwana 4. Makutu a sitima akagontha kwa mphindi imodzi yokha, mphindiyo ikwanira kutha anthu.

Chida chotere tsono sichiloledwa kudwala. Koma chidwaladwala, ndipo zifukwa zake ziri zisanu.

CHIFUKWA CHAKE MASIPEYALA ASAUTSA

Choyamba ndi kutha kwa ziwalo. Achikulire akumbukira wailesi ya Saucepan Special imene inafala kuno kuyambira m'chaka cha 1949, ndi mababu ake a m'kati amene ankapsa. Zida zambiri zosokoneza radar zidalirabe mababu a mtundu wapadera, amphamvu kwambiri ndi okwera mtengo, amene maola a moyo wao ndi owerengeka. Onjezanipo mchere wa m'nyanja, chinyezi, kutentha ndi kunjenjemera kwa injini usana ndi usiku, ndipo mudzaona kuti chiwalo chirichonse chiri pa ulendo wa kutha kuyambira tsiku limene chiikidwa.

Chachiwiri ndi kusiyana kwa msinkhu. Thupi la sitima likhala zaka 30 kapena 40, koma tizipangizo ta kompyuta ta m'kati mwake tileka kupangidwa patangopita zaka zochepa, pakuti mafakitale atsata msika wa mafoni ndi makompyuta a anthu wamba, kumene kuli ndalama zambiri. Asilikali a pamadzi a ku America anayamba kuika chida chotchedwa AN/SLQ-32 pa sitima zao kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Dzinalo liripobe, koma za m'kati mwake zasinthidwa gawo ndi gawo pa ntchito yaikulu yotchedwa SEWIP, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali chakuti ziwalo zakale zinaleka kupezeka. Ngati dziko lolemera chotero lisauka ndi ukalamba wa ziwalo, nanga ife?

Chachitatu ndi chilolezo. Masipeyala a zida izi sagulitsidwa pa msika monga matayala a njinga. Boma la dziko lopanga liyenera kuvomera chiwalo chisanatuluke, ndipo likhoza kukana tsiku lomwelo limene wogula achifuna koposa. M'chaka cha 1982 Argentina inalowa m'nkhondo iri ndi mizinga isanu yokha ya Exocet yoponyedwa ndi ndege, pakuti France inaimitsa yotsalayo. Mu Novembala 1977 bungwe la United Nations linaletsa maiko kugulitsa zida ku boma la tsankho la South Africa, ndipo France inakana kupereka sitima zinai zimene inali kulikonzera, ziwiri mwa izo zoyenda pansi pa madzi. Chiletso chimenecho chinali cholungama, koma chitisonyeza mphamvu imene wogulitsa ali nayo. Akuluakulu anati khasu lobwereka silikhala kuthyoka, ndipo chida chimene mwini sadziwa kuchikonza chikhala ngati chobwereka ngakhale atalipira mtengo wonse.

Chachinai ndi chinyengo. Pamene chiwalo chenicheni chasowa, ochenjera abwera nacho chonama. Atola tizipangizo ta m'makompyuta otayidwa, napala malemba akale, nadinda atsopano. Mu Meyi 2012 komiti yoona za asilikali m'nyumba ya Senate ku America inalengeza kuti inapeza milandu pafupifupi 1,800 yokhudza ziwalo zokaikitsa zoposa miliyoni imodzi, zina mwa izo zitalowa kale m'ndege za asilikali. Chiwalo chonama chikhoza kugwira ntchito pa tsiku loyesa, nichifa pa tsiku la nkhondo.

Chachisanu ndi kudyana kwa sitima. Aliyense adziwa mwini maminibasi awiri amene achotsa chitsulo pa imodzi kuti ina iyende, kufikira yoyambayo itasanduka khola la nkhuku. Zoterezi zichitikanso pa zombo za maiko aakulu. M'chaka cha 2017 ofesi yowerengera chuma cha boma ku Britain inapeza kuti pa zaka 5 asilikali a pamadzi anachita zimenezi maulendo 3,230, ndipo kuti chizolowezicho chinakula ndi 49 pa 100 iriyonse. Kuchotsa ndi kubwezera kuononga ziwalo zina zabwinobwino, ndipo kaundula ayamba kunama, kunena kuti pali sitima ziwiri pamene yamoyo ndi imodzi.

CHAONA ANANSI ATHU

Abale athu a ku Mozambique analipira phunziro limeneli pa mtengo wowawa. M'zaka za 2013 ndi 2014 makampani atatu a boma, ProIndicus, Ematum ndi MAM, anakongola pafupifupi madola 2 biliyoni, ndalama zonenedwa kuti ndi zogulira maboti ophera nsomba, maboti olondera nyanja, ma radar a m'mbali mwa gombe ndi malo okonzerako zombo. Maboti anakonzedwadi ku Cherbourg m'dziko la France, nafika. Koma ambiri anangokhala pa doko la Maputo kuchita dzimbiri, osagwira ntchito imene anagulidwira. Ngongole zobisikazo zitaululika m'chaka cha 2016, maiko othandiza anaimitsa chithandizo chao, ndalama ya dzikolo nigwa mphamvu, ndipo wosauka wa ku Tete ndi ku Lichinga, amene sanaone maboti amenewo, ndiye anasenza katundu. Sitinena izi monyoza ai. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

NANGA PA NYANJA YATHU?

Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita oposa 560, ndipo zilumba za Likoma ndi Chizumulu ziri kutsidya, pafupi ndi gombe la Mozambique. Kumpoto kuli nkhani ya malire. Malawi aima pa pangano la Heligoland la 1890, limene linaika malire m'mbali mwa gombe la kum'mawa, pamene Tanzania ifuna kuti malire akhale pakati pa madzi. Nkhaniyi inatentha m'zaka za 1967 ndi 1968, nitenthanso m'chaka cha 2012 chifukwa cha zilolezo zofufuzira mafuta, kufikira inaperekedwa kwa atsogoleri opuma a m'chigawo chino motsogozedwa ndi a Joaquim Chissano. Dziko lathu linasankha njira ya kukambirana, ndipo linachita bwino. Koma wokambirana ayenera kudziwa zimene zichitika pa madzi ake.

Asilikali athu a pamadzi ali ndi likulu lao ku Monkey Bay, kumene munthu wochokera ku Kasinje afika podzera pa Golomoti. Zombo zao ndi zazing'ono poyerekeza ndi zija tatchulazi, ndipo ntchito yao ya tsiku ndi tsiku ndi kulondera malire, kuletsa ozembetsa katundu ndi anthu, kuteteza nsomba, ndi kupulumutsa ogwidwa ndi mwera. Namondwe wa Freddy atakantha chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, asilikali ndi maboti ndiwo anafika kumene galimoto sizikanafika. Maso ndi makutu a maboti otere ndiwo radar, wailesi, choyezera kuya kwa madzi, ndi GPS yolozera malo. Zimenezi ndi abale aang'ono a zida zazikulu zija, ndipo zikalamba, zisowa ziwalo, ndi kunamizidwa mofanana. Mu Juni 2017 sitima za malonda zoposa 20 za pa Black Sea zinaona GPS yao ikunena kuti ziri pamtunda, pa bwalo la ndege, chifukwa cha mafunde onama ochokera kwina. Woyendetsa boti amene anaiwala kampasi ndi mapu apepala adzasokera tsiku lotere.

Pali vuto linanso la kwathu. Masipeyala onsewa agulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, nitsitsidwanso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. Chiwalo chimene kalaliki anachedwa kuchiitanitsa chaka chino chidzafuna ndalama zochuluka chaka chamawa, ndipo mwina osapezekanso.

BATIRE LIMODZI

Anthu a Ntcheu safunika kuuzidwa zambiri za kulemera kwa kachipangizo kakang'ono. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 inagwa m'nkhalango ya Chikangawa, ndipo anthu onse 9 anafa, mmodzi wa iwo Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa Dziko, Dr. Saulos Chilima, amene anaikidwa kwao ku Nsipe m'boma lomweli. Ndegeyo inapezeka mawa lake. Akatswiri a ku Germany ofufuza ngozi za ndege, amene Boma linawaitana, anapeza kuti m'ndegemo munali kachida kolira pa wailesi ndege ikagwa kuti ofunafuna alondoleke, koma batire lake linali litatha nthawi m'chaka cha 2004. Kachidako kanali ka mtundu wakale, ndipo masetilaiti opulumutsa anthu analeka kumvetsera mafunde a mtundu umenewo mu Febuluwale 2009.

Tinene moona: batirelo silinagwetse ndege. Akatswiriwo analoza ku nyengo yoipa ndi kuuluka m'munsi pakati pa mapiri ndi nkhungu. Koma dziko lonse linagona usiku uja osadziwa kumene ndegeyo iri, ndipo kachida katsopano kamoyo kakanafupikitsa kusakako. Zifukwa ziwiri zija tazitchula, kutha kwa chiwalo ndi kukalamba kwa chida, zinakumana m'kabokosi kamodzi. Tikumbutsa za chisoni chimenechi mwaulemu, kuti chimene chinaoneka m'mlengalenga chisadzaonekenso pa madzi.

NZERU YA KU LIVULEZI

Mankhwala a matenda amenewa sitiyenera kuwafuna kutali, pakuti ena anayesedwa m'boma la Ntcheu lomwe. Kale mjigo ukaonongeka, mudzi unkadikira galimoto ya Boma ndi amisiri ake miyezi yambiri, amai nabwerera ku madzi a m'dambo. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, m'chigwa cha Livulezi munayesedwa mjigo wa mtundu watsopano wotchedwa Maldev, umene unabala mjigo wa Afridev wopezeka lero m'midzi yambiri ya Malawi ndi maiko ena a mu Africa. Okonza mjigowo anayamba ndi funso lakuti, kodi ukadzaonongeka adzaukonza ndani, ndipo ndi chiyani? Chotero anaupanga kuti anthu a m'mudzi autsegule ndi sipanala imodzi, kuti ziwalo zotha msanga zikhale timalabala ndi timapulasitiki totsika mtengo, ndiponso kuti mijigo yonse ikhale ya muyeso umodzi, chiwalo chogulidwa pa sitolo iriyonse nichikwana. Komiti ya mjigo isonkhetsa ndalama pang'onopang'ono mjigo usanafe.

Radar si mjigo, ndipo sipanala imodzi siingaikonze. Koma mafunso ndi omwewo, ndipo mai wosunga thumba la komiti ya mjigo ku Kasinje awadziwa bwino kuposa ena okhala m'maofesi. Iye adziwa kuti walira mvula walira matope: wofuna madzi avomere kugula labala chaka ndi chaka.

MAU KWA ANTCHITO A BOMA

Kwa inu olemba mapangano ogulira katundu, kaya ndi boti la asilikali, makina a m'chipatala kapena jenereta ya pa sukulu, tipereka mfundo izi. Musayese mtengo wa chinthu pa tsiku logula lokha, koma muwerengere zaka zonse za moyo wake, pakuti pa zida zankhondo ndalama zosamalira nthawi zambiri ziposa zogulira. Pangano linene za masipeyala a zaka zoyamba, za mabuku a manambala a ziwalo, za zida zoyesera, ndi za maphunziro a amisiri athu. Linenenso kuti wogulitsa adzachenjeza nthawi ikalipo asanaleke kupanga chiwalo, kuti Boma ligule zosunga. Pewani kusonkhanitsa mitundu yambirimbiri ya makina ogwira ntchito imodzi, pakuti mtundu uliwonse ufuna shelefu yake, buku lake ndi mmisiri wake. Mphatso yochokera kwa abwenzi akunja ilandiridwe ndi manja awiri, koma funso la masipeyala lifunsidwe mwambo wolandirira usanachitike. Safunsa anadya phula.

Kwa inu osunga masitolo, ntchito yanu ndi ya ulonda. Lembani tsiku limene batire, labala kapena babu lidzatha nthawi, ndipo lembani kalata kwa akulu anu tsikulo lisanafike. Akakuyankhani kuti ndalama palibe, lembaninso, ndipo sungani chitsanzo cha kalatayo. Musalandire chiwalo chopanda mapepala osonyeza kumene chachokera, ngakhale chitsike mtengo chotani. Kwa inu ogawa chuma, kumbukirani kuti ndalama za kukonza ndizo ziyamba kudulidwa chaka chikavuta, popeza palibe aimba nyimbo pa tsiku losintha batire. Komatu pa ndime yaing'ono imeneyo ya bajeti pagona miyoyo ya anthu.

MAU KWA APHUNZITSI

Chiwalo chosowa koposa zonse ndi munthu wodziwa kupeza pamene pavuta. Mmisiri wabwino asintha kachipangizo kamodzi kamene kapsa, pamene wosadziwa aitanitsa bokosi lonse kuchokera kunja. Dziko lathu liri ndi malo osulira anthu otere: sukulu ya ukachenjede ya MUBAS ku Blantyre, imene inayamba monga Polytechnic m'chaka cha 1965, ya MUST ku Thyolo imene inatsegulidwa m'chaka cha 2014, sukulu ya za pamadzi ku Monkey Bay, ndi sukulu za ntchito zamanja m'maboma. Koma palibe afika kumeneko wopanda masamu ndi sayansi ya ku pulaimale ndi ku sekondale.

Mphunzitsi wa ku Kasinje, ku Sharpevale kapena ku Bilira asadandaule kuti alibe labotale. Wailesi yakufa, tochi, batire ndi waya zikwanira kusonyeza mwana njira ya magetsi. Mnyamata wokonza mafoni pa msika aitanidwe tsiku lina kudzatsegula foni pamaso pa ana. Ana apite ku mjigo pa tsiku limene komiti iutsegula, awerenge ziwalo, azijambule, azipatse manambala, nalembe kaundula wao. Atsikana aimirire patsogolo pa ntchito imeneyi pamodzi ndi anyamata. Mwana wozolowera kufunsa kuti chinthu ichi chafa chifukwa ninji ndiye adzasamala radar ya ku Monkey Bay.

Ilala yatumikira anthu a m'mbali mwa nyanja zaka zoposa 70. Injini zake zasinthidwapo, zitsulo zake zawotchereredwa kosawerengeka, ndipo amisiri oyamba kuilumikiza anapita kale. Yakhalitsa chotero chifukwa mbadwo uliwonse unapeza anthu oitanitsa chiwalo pa nthawi yake ndi ena odziwa kuchiika. Boma lipitiriza kugula maboti ndi zida zotetezera nyanja yathu, monga kuyenera dziko lodzilamulira, ndipo tsiku lolandira zidazo lidzakhala la nyimbo ndi mbendera. Ife tipempha kuti pa tsiku lomwelo wina atsegule kaundula wa ku sitolo, aone ngati mashelefu ali ndi kanthu, ngati manambala alembedwa bwino, ndiponso ngati mmisiri wodzakonza zidazo waphunzitsidwa kale.